Kukatula ng'oma ya malemu ku Bin Omran

Ndinanyamuka ku Old Airport, dera lomwe ndinkakhala kuno kudziko la eni, Lachisanu masana, ng'oma itakulungidwa m'bulangete. Inali ya a Valdir, bambo wa ku Brazil amene ankaimba ku hotela komwe ndinali gadi. Korona itawatenga, ng'omayo inangokhala mosungira katundu. Lamulo litasintha kuti tizitha kusiya ntchito popanda chilolezo cha bwana, ndinapeza malo ena, ndipo potsazika ndinapempha kuti ndikaipereke kwa akazi awo.

"Achimwene, imeneyi isagonenso muno, khalas, basi," anatero Yamikani, mnzanga wogona naye chipinda. Iye ankati imang'ung'udza yokha. Ine ndinkati ndi AC.

Pa siteshoni ndinalipira mariyali awiri. Mlonda wa ku Nepal anandipima kutentha, kenako mwanthabwala anapimanso ng'omayo. Anayang'anitsitsa kamakina kake, nthabwala n'kuthera pomwepo.

"Yalla, pitani," anatero.

M'sitima munalibe munthu, ndipo sitima za kuno zilibenso dalaivala. Itangonyamuka, chikopa cha ng'oma chinayamba kunjenjemera pabondo panga. Ndinasintha sitima ku Msheireb, n'kutsikira cha kuchipatala, kufupi ndi dera la Bin Omran komwe kunali nyumba ya malemu. Pakafiteriya ina ndinagula tiyi wa karak, koma anandizizirira m'manja osamwa.

Mayi Dalva, akazi a malemu, anandilandira pakhomo. Pabalaza panali anzawo angapo, mamasiki kumaso, ng'oma m'chiuno.

"Sabata ino ikanakhala ya chikondwerero cha kanivo kwathu ku Salvador, koma aletsa," anatero mayiwo. Anandiuza kuti magulu a anthu akuda kumeneko amadzaza misewu ndi ng'oma, ndipo kaimbidwe kamene ndimamva m'nyimbo zotchuka za pawailesi kanabadwira m'makwalala amenewo. "Ng'oma zikuluzikulu ngati iyi zimayenda ziwiri. Ina imaitana, ina imayankha. Amuna anga anali oyankha."

Ng'oma ya malemu anaiimika pakona, palibe anaikhudza. Anayamba kuimba chapansipansi kuopa aneba. Yoitana ikagunda, onse ankasiya mpata wa malemu, m'nyumba muli zii. Atazungulira kangapo, mpata uja unadzaza. Ndinamva kugunda kwa ng'oma ya pakona ija m'chifuwa mwanga. Ndinayang'ana manja a aliyense: ndodo zonse zinali m'mwamba. Mayi Dalva sanacheuke. Anangogwedeza mutu, misozi ikunyowetsa masiki, n'kupitiriza kuvina.

Ndinabwerera pa basi dzuwa likadalipo, bulangete lili m'khwapa. Yamikani atandifunsa, ndinangoti ndayenda bwino. Kwathu tikamati ng'oma ikulira, ndinakula ndikuyesa kuti ndi kayankhulidwe chabe.