Kachikwangwani ka pa bedi la mbande

Chaka chimene ndinabereka mwana woyamba, mng'ono wanga anabwera kuchokera kukoleji ndi laputopu. Ankapanga pulogalamu ya pa intaneti yolembera mbande za tiyi za alimi a ku Khwethemule. Lachisanu ankayenera kukaionetsa kwa aphunzitsi ake, ndipo ikanakanika akanabwereza chaka.

Lamulungu masana tinakhala pakhonde, ine ndikuyamwitsa, iye akungodzikanda m'mutu. Mndandanda wa mbande unkatuluka wosokonekera, zobzalidwa kale pansi, zadzulodzulo pamwamba.

"Tandiuza, chavuta n'chiyani?" ndinamufunsa.

"Achemwali, inu munalekezera Sitandade 7. Izi muzimva?"

"Iwe yankhula. Makutuwa sanasiye sukulu."

Anafotokoza monyinyirika. Mu pulogalamumo muli chigawo chimene amachitcha mayi, china mwana. Mwana amatengera zonse za mayi popanda kuzilembanso. Koma pambali pamakhala kachigawo kapadera konena dzina ndi kasanjidwe ka mndandanda. Ka mayi kankati mbande zisanjidwe potsata tsiku lobzala. Kwa mwana iye analemba kena katsopano, kongotchula dzina.

Apo ndinaseka, chifukwa ndinagwirapo ntchito ku nazale ya esiteti. Ukadula kanthambi pa tiyi mayi n'kukazika m'chubu, kamatenga zonse za make, tsamba lake, ngakhale kupirira dzuwa. Koma kachikwangwani konena mtundu ndi tsiku lobzala sikamera ndi mbande ayi. Tsiku lina ndinazula kakale pa bedi n'kuikapo kanga koyera bwino, ndinalembapo tsiku lokha. Akapitawo atafika anandifunsa kuti, "Mayi, mtundu wanji uwu?" Ndinayang'ana masamba, koma onse ankangofanana. Bedi lonselo analiika pambali poti mtundu wake sunadziwike.

"Pa kachikwangwani kako katsopanoko, za mayi wakoperapo?" ndinamufunsa mng'ono wangayo.

"Kodi si zimabwera zokha?"

"Zikanabwera ukanapanda kulemba kako. Pamene waika kako, kakale wazula."

Analemba mawu ochepa ouza kachigawo ka mwana kuti kayambe katenga za ka mayi. Anadina batani. Mbande zija zinafola bwinobwino, zakale pamwamba.

"Aaa, achemwali!" anakuwa, mpaka mwana wanga anasiya bere n'kuyamba kulira.

Lachisanu anandiimbira foni ali m'minibasi kuti wakhoza. Ndinamufunsa ngati anawauza aphunzitsi ake za nazale. Anati iwo sanamufunse. Ine ndinamuuza kuti akabwera adzandichapire matewera.