Folo wa mwini mbuzi

Amuna anga anapita ndi madzi chifukwa cha mbuzi zisanu. Ndayamba ndi zimenezi kuti zotsatirazi zimveke. Kunali kutacha kale, tonse titafika pamtunda wa kusukulu, Shire akutitsata m'mbuyo. Iwo anaima n'kunena kuti, "Khola sindinatsekule." Ndinawagwira malaya. Anati, "Ndingomasula chitseko, ndikupezani." Mbuzi ziwiri zinabwera zokha madzulo ake. Iwo tinakawapeza m'bango patapita masiku anayi.

Patatha zaka ziwiri, kumudzi kwathu ku Maseya kunabwera mlangizi wamkazi wa bungwe lina. Anati akukonza masewera ophunzitsa anthu kuthawa madzi, ndipo akufuna anthu amene anawaonapo madziwo kuti awayese asanasindikize buku lake. Tinapezeka khumi ndi awiri, pansi pa mtengo wa nimu wa kutchalitchi.

Masewerawo anali otere. Pamphasa ankayala pepala lalikulu lojambulidwa mudzi, mtsinje ndi mtunda. Aliyense ankatola khadi lomuuza kuti iye ndi ndani: wina nkhalamba, wina mayi woyembekezera, wina msodzi, wina mwini mbuzi. Zitsekerero za mabotolo ndizo zinali anthu ake. Mlangizi ankawerenga nkhani m'kope mwake, monga kuti, "Mvula yagwa masiku atatu, wailesi yachenjeza. Mutani?" Iwe unkanena chochita, kenako n'kuponya dayisi ngati wa ludo. Chochita chilichonse chinali ndi nambala yake. Dayisi akafika pa nambalayo kapena kupitirira, zatheka. Akaperewera, zakuvuta.

Ntchito yathu inali pa manambalawo. Mlangizi anati, "Masewera akapepuka, anthu aseka n'kuiwala. Akalemera, athawa. Mundithandize kupeza pakati."

Tsiku loyamba khadi la mwini mbuzi linagwera ine. Sindinasankhe. Titafika pamtunda wa papepala uja, mlangizi anawerenga kuti, "Mwakumbukira kuti khola n'lotseka. Mubwerera kapena ayi?" Amene ankandidziwa anayang'ana pansi. Ine ndinati ndibwerera. Nambala yake inali firii. Ndinaponya faifi.

"Mwapulumuka, amayi, ndi mbuzi zomwe!"

Ena anawomba m'manja. Ine ndinati, "Limenelo ndi bodza, mwana wanga." Ndinamufotokozera za amuna anga, mwachidule. Iye anafufuta firii uja n'kulemba sikisi. Anakwezanso manambala ena, a kuwoloka khwawa ndi a kukwera bwato lodzaza.

Sabata yachiwiri tinafa ngati nkhuku za chitopa. Mayi wina wochokera ku Nsanje, amene Chisena sichimuchoka pakamwa, anati, "Ine ndafa katatu lero, koma palibe wabwera ndi ufa pamaliro panga. Takhuta, anansi!" Tinaseka, poti "takhuta" m'Chisena ndi zikomo. Koma pomaliza panalibe woseka. Chodabwitsa n'chakuti aliyense wotola khadi la mbuzi ankabwererabe, akudziwa kuti pafunika sikisi. Mlangizi anafunsa bambo wina chifukwa chake. Anati, "Mayi, mbuzi ndiyo chipatala changa, ndiyo sukulu ya ana. Ndikafike pamtunda ndi manja awiriwa ndikatani nawo?"

Sabata yachitatu tinabwera anayi. Msodzi wina anatumiza mawu akuti kufa akukudziwa kale, sangasiye ukonde kuti adzafe papepala.

Ena atapita, mlangizi anandiimitsa. Anati, "Amayi, pa sikisi anthu athawa, pa firii mwati ndi bodza. Inu ndi amene munaona. Nambala ya khadi limeneli munene ndinu, ine ndingolemba."

Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo. Sindinaganizepo kuti munthu angandifunse chinthu choti chikalowe m'buku. Ndinapempha kuti andibwereke dayisi uja.

Masana ake ndinakhala pakhonde, dzuwa likuswa mtengo, n'kumaponya dayisi m'lichero. Ndinkafuna kuona kuti sikisi amabwera kangati. Ndinayamba bwino, ndikuika njere ya mapira pambali akabwera. Koma posakhalitsa sizinalinso zowerenga. Kuponya kulikonse anali iwo aja, akutsika ndi njira ya kukhola, malaya atatuluka m'manja mwanga. Wani, sabwera. Folo, sabwera. Faifi, afika pafupi ndithu, mpaka ndikuwaona, koma sabwera. Ndinaponya mpaka mthunzi unafika pa nkhokwe. Ndinaona kuti pa sikisi ndikuwapha ndekha, kambirimbiri, ndi dzanja langa.

Sabata yotsatira ndinati, "Lembani folo."

Mlangizi anati, "Folo ndiye kuti theka apulumuka, theka ayi. Mwatsimikiza, amayi?"

Ndinati, "Anthu abwerenso kudzasewera." Zinali zoona, ndipo anabweradi. Koma sichinali chifukwa changa chenicheni. Ndinkafuna kuti nthawi zina amuna anga azibwerako.

Buku linatuluka chaka chotsatira, la mapepala osalala, la zithunzi. Analigawa m'midzi yambiri, ndinamva kuti mpaka ku Nsanje. Anthu analikonda. Komiti ya za ngozi ya m'mudzi mwathu inkaseweretsa anthu mvula ikamayandikira, ndipo sindinganame, zina zinathandiza. Anthu anaphunzira kusunga ziphaso m'jumbo ndi kudziwiratu woti adzanyamule nkhalamba.

Ndili ndi mwana wamwamuna, woyamba kubadwa, wa banja lake ndi ana atatu. Amalima kudimba, ndipo khola lake lili kumunsi komweko, pafupi ndi pamene panali la bambo ake. Mbuzi zake ndi zidzukulu za ziwiri zinabwera zokha zija. Tsiku lina komiti inaitana amuna kuti nawonso asewere, ine ndili pomwepo ndi amayi anzanga. Khadi la mwini mbuzi linagwera iye.

Wapampando wa komiti anawerenga kuti, "Mubwerera kapena ayi?"

"Funso limenelo n'lofunsa mwamuna?" anatero mwana wanga. Anzake anaseka. Wina anati, "Alamu, mukafa mbuzizo ndi zanga, ndanena pagulu!"

Anapukusa dayisi m'manja, kumuuzira mpweya, n'kuponya. Anagwa folo. Osati faifi, osati sikisi. Folo yemwe uja wa ine.

Anadumpha, anzake akumumenya pamsana. Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope ili ngwee. Sankafuna kundipweteka, ndikudziwa. Anati, "Mwaona, amayi? Nkhani n'kufulumira basi. Bambo anangochedwa pang'ono."

Pobwerera kunyumba ndinamuuza kuti, "Iwe, folo ameneyo ndinaika ndine. Ndisanamuike panali sikisi."

Anati, "Ndiye kuti inunso mukudziwa kuti zimatheka."

"Sizitheka. Ndinangofuna..." Mwana wako ungamuuze bwanji kuti unanamiza midzi yonseyi pofuna kuona bambo ake akukwera mtunda?

Anati, "Musadandaule, amayi. Zija ndi zoseweretsa chabe." Koma ndinamuona mmene anadumphira.

Ndinakwera minibasi kupita kuboma kukafuna mlangizi uja. Ku ofesi ya bungwe lake anati anasamukira kwina. Amene ndinamupeza anandilandira bwino, anandipatsa mpando ndi madzi ozizira. Anati mabuku anagawidwa kale, sangawatolerenso chifukwa cha nambala imodzi, koma alemba maganizo anga kuti mwina akadzasindikizanso adzaone. Analembadi papepala. Sindikudziwa kumene pepalalo linapita.

Nditabwerako ndinabwereka buku la m'mudzi mwathu kwa wapampando, ndinati ndikufuna kuona zithunzi. Ndinatenga bolopeni ya mdzukulu wanga, n'kukhwatcha folo, n'kulemba sikisi wamkulu pambali pake. Manambala ndimatha kulemba. Wapampando ataona anangoti, "Pepani, mayi, tikumvetsa." Akamasewera amawerengabe folo, poti onse anamuloweza, ndipo folo wosindikiza uja akuonekabe pansi pa inki yanga.

Dayisi uja mlangizi sanamuitanitse. Ali m'chitini cha singano. Sindimuponyanso.

Chaka chino ndamupempha mwana wanga katatu kuti asamutsire khola kumtunda. Koyamba anati kumtunda kuli akuba. Kachiwiri anati msipu uli kumunsi, mbuzi sizidya miyala. Zonsezi n'zoona, sindingatsutse. Kachitatu ndinati mwina mvula ikayamba azingosiya chitseko chosamanga, kuti madzi akabwera zizitha kutuluka zokha. Anati afisi ndiye adzathokoza. Kenako anaona nkhope yanga, n'kunena kuti, "Chabwino, amayi, ndikamaliza kubzala ndiona."

Kubzala anamaliza sabata yatha. Kumapiri a kum'mawa mitambo yayamba kuda masana alionse. Dzulo ndinatsikira kudimba kukatenga masamba a mbatata, ndipo ndinadutsa pakhola. Wamanga chitseko chatsopano, cholimba, cha waya.