Dzina Limene Amayi Sankatchula

Mwana wanga wachisamba anandipeza ku Silverest Lachisanu lina masana, ndikuwotcherera geti la munthu. Nthawi imeneyo ankaphunzira zauphunzitsi ku Chalimbana, ndipo sankakonda kubwera kuntchito kwanga chifukwa cha phokoso. Anaima potero mpaka ndinazimitsa makina.

"Atate, ise ndise a kwa yani?"

Ndinamuuza chiwongo chathu, ndikudabwa kuti mtsikana wamkulu chonchi angaiwale zotere. Iye anati chiwongocho akuchidziwa. Nkhani inali yoti m'kalasi mwawo munali mnyamata wa ku Chipata wa chiwongo chomwecho, ndipo atadziwana anamufunsa dzina la munthu amene anachoka kumudzi kubwera kuno. Mnyamatayo anati akangomva dzinalo, amalume ake akhoza kufunsa m'midzi mpaka abale athu atapezeka.

Dzinalo ine sindinkalidziwa. Munthu amene anachoka kumudziyo anali bambo wa atate anga. Ine ndinkangowadziwa kuti ambuya, ndipo anamwalira ndisanayambe sukulu. Anabwera kuno ali mnyamata kudzakama ng'ombe pa famu ina ya mzungu cha ku Palabana. Mzunguyo analephera dzina lawo n'kuwapatsa lina lachingerezi, ndipo ndi lomwelo limene linafalikira. Anzawo ankawaitana nalo, kutchalitchi ankawadziwa nalo, pamtanda wa kumanda analembanso lomwelo. Koma kumudzi kumene anachokera, dzina la mzungulo palibe angalizindikire.

Atate anali atamwalira kale, abale awo onsenso. Otsala anali amayi okha, amene mpaka lero amakhala pa malo amene ambuyawo anapatsidwa ndi Asoli, eni dera lino, atasiya ntchito ya pa famu.

Loweruka lake tinapita atatu: ine, mwana wanga, ndi msuweni wake, mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene amakonza mafoni ku Chongwe. Awiriwa sakhala osanyozana. M'minibasi monse mtsikana ankamuuza mnzakeyo kuti akungoperekeza, popeza chiwongo chathu si chake. Iye ankayankha kuti foni yojambulira mawu ndi yake, ndiye amulemekeze.

Tinawapeza amayi akusankha nyemba pa lichero. Anawo sanadikire n'komwe kuti malonje athe. Foni inali kale pakamwa pa amayi, mafunso ali motsatizana ngati kupolisi. Amayi anaiyang'ana foniyo, n'kuikankhira pambali ndi chala, koma anayankha ndithu. Anafotokoza kuti ambuya anali aatali, oyankhula pang'onopang'ono, ndipo ng'ombe iliyonse ankaidziwa ndi kulira kwake. Kenako mwana wanga anafunsa dzina lawo lenileni, la kumudzi.

"Anali apongozi anga," anatero amayi.

"Inde ambuya, koma dzina lawo?"

"Nanena kuti anali apongozi anga."

Kwa ife Angoni, mkazi wokwatiwa pamudzi satchula dzina la bambo wa mwamuna wake. Zimenezi ndinkazidziwa, koma ndinkayesa ndi za anthu amoyo. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera atate, ndipo tsiku limenelo sunachedwe. Ndinawauza amayi kuti apongozi awowo anawola kalekale, mwamuna wawo anawatsatira, azinzawo a mwambowo onse ali kumanda, ndiye ndani angawaimbe mlandu? Amayi anapitiriza kusankha nyemba.

"Iwe unabadwa pakamwa pali potsegula," anatero. "Azamba anachita kudabwa."

Msuweni uja anaphulika kuseka, ine ndinamuyang'ana mpaka anameza kusekako. Iye, pofuna kukonza zinthu, anapempha kuti ngati kutchula n'kovuta angolemba pansi ndi chala. Amayi anati chala ndi lilime zonse ndi za munthu mmodzi. Tinabwerera chimanjamanja, ine ndikulalata msewu wonse.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwenikweni anali mantha. Chaka chimenecho miyendo ya amayi inali itayamba kutupa, ndipo akayenda kuchoka kukhitchini kufika pakhonde ankapuma kaye. Mlongo wanga ankawatengera kuchipatala pafupipafupi. Ndinkaona poyera kuti tsiku lina tidzawaika m'manda pamodzi ndi dzinalo, ndipo ana anga adzakhala anthu oyambira pa famu ya mzungu, ngati kuti kumbuyo kwake kunalibe aliyense. Zinkandiwawa kwambiri. Ine amene ndinakhala ndi atate zaka zonse zija, tikupalira limodzi, sindinawafunsepo n'kamodzi komwe.

Ine ndinasiya kupitako kwa kanthawi, kuopa kuyankhula zina zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Anawo sanasiye. Loweruka lililonse ankakumana pa siteshoni ku Chongwe n'kupita. Poyamba anayesa njira zina. Anapita kwa mkulu wina wachisoli woyandikana ndi amayi, amene makolo ake ndiwo anapereka malo aja. Mkuluyo anawauza zambiri za malire ndi za chitsime chakale, koma dzina ankadziwa la mzungu lomwe lija. Anapita kumanda kukawerenga mitanda, anafunsa achikulire a kutchalitchi, zonse chimodzimodzi.

Kenako anasintha kafunsidwe, ndipo ndinkaona kusinthako mwana wanga akamandifotokozera. Anasiya kupita ndi mafunso okonzeratu. Ankafika, mtsikana n'kutenga tsache, mnyamata n'kupita kukatunga madzi pa njinga. Foni ankaiika pawindo atapempha, ndipo amayi anaizolowera mpaka ankaifunsa ngati yadya. Anaphunzira kuti munthu wamkulu sumufunsa kuti zinachitika chaka chanji, umamufunsa kuti anali ndi mwana uti kumsana. Anaphunziranso kukhala chete amayi akasiya chiganizo panjira, chifukwa chotsatira chake ndicho chinkakhala chenicheni. Za dzina sanafunsenso.

Tsiku lina amayi, akusenda chinangwa, anawafotokozera za ukwati wawo. Anati atangofika pamudzi, azakhali a atate anawatengera kuseri kwa khola n'kuwanong'oneza dzina la apongozi awo kamodzi kokha. Anawauza kuti alimve bwino, chifukwa kuyambira tsiku limenelo lisadzatulukenso pakamwa pawo. Ngakhale litakhala dzina la chinthu wamba, chinthucho achipezere dzina lina.

Anawo anayang'anizana. Sabata yonse anakhala akumvetsera zimene anajambula, aliyense kwake, n'kumaimbirana foni. Tsopano sankafuna zimene amayi ananena. Ankafuna mawu amene munthu aliyense amatchula, koma amayi amawalambalala.

Anandipezanso ku Silverest, ulendo uno onse awiri, maso ali gwa. Mnyamata ndiye anayamba.

"Amalume, chija chimagwa kuchokera kumwamba mu Disembala, chimene timadikira kuti tibzale, ambuya amachitchula kuti chani?"

"Madontho," ndinayankha osaganiza.

Nditangotero ndinakhala pansi pa chitsulo chimene ndinkadula. Madontho. Anulani zovala, madontho abwera. Chaka chino madontho achedwa. Madontho a usiku agwetsa chimanga. Ndinakula ndikumva zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo kusukulu anzanga ankandiseka nditayankhula choncho. Ndinkayesa ndi chiyankhulo cha kwawo kwa amayi. Mlimi, amene moyo wake wonse umayang'ana kumitambo, anakhala kuyambira utsikana wake mpaka imvi osatchula mawu amene ngakhale mwana wophunzira kuyankhula amawadziwa. M'zojambula zonse zija, za kulima, za njala, za madenga odontha, sanaphonye n'kamodzi komwe. Nanenso pano sindiwalemba mawuwo, mwawadziwa kale.

Ndinafuna kuti tikwere minibasi nthawi yomweyo. Mwana wanga anakana. Anati kuganiza si kudziwa, ndipo mayina ena a anthu amafanana ndi mawu amenewa osakhala enieniwo. Pafunika amayi avomere okha, koma m'njira yoti asathyole mwambo wawo. Anandiuzanso, mwaulemu koma mosapita m'mbali, kuti ngati ndikupita nawo nditseke pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero, mwana amene ndinamusintha matewera ndekha. Ndinavomera, ngakhale zinandiwawa.

Tinapita Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumwamba kuli mbee. Amayi anali pa mpando wawo wapulasitiki pamthunzi wa nyumba, atavula nsapato chifukwa cha kutupa kuja. Tinapereka moni, tinamwa madzi, tinakamba za mbuzi ya aneba imene inkalowa m'dimba. Foni inakhala m'thumba.

Kenako mwana wanga anachoka pa mphasa n'kukagwada pafupi ndi mpando.

"Ambuya, nifuna kutchula munthu. Imwe musakambe chilichonse. Ngati nalakwa, munikhululukire."

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumbali. Mtsikanayo anatchula mawu aja motsitsa, ataika ulemu patsogolo ndi chiwongo chathu pambuyo, monga mmene umaitanira munthu wamkulu amene wakhala pabwalo.

Mawu amenewo amayi amawamva tsiku lililonse, pa wailesi, kumsika, pakamwa pa ife ana awo, ndipo sagwedezeka. Koma kuwamva ngati dzina la munthu, anali asanawamvenso chichokereni kuseri kwa khola kuja. Anagwira mkono wa mpando n'kuyamba kutsika. Ndinadzuka kuti ndiwagwire poganiza kuti akugwa, koma anandikankha dzanja. Anatsika okha pang'onopang'ono, ndi miyendo yotupa ija, mpaka maondo anafika pa dothi. Anakonza duku, anaweramitsa mutu, n'kuwomba m'manja mofatsa, monga mkazi amachitira apongozi ake akalowa pabwalo.

Mnyamata uja, wosekaseka nthawi zonse, anayang'ana pansi misozi ikugwera pa nsapato.

Kenako amayi anayankhula ali chigwadire. Anati atakwatiwa anakhala zaka zingapo osaona mwana, ndipo akuchimuna anayamba kunong'onezana kuti awabweze kwawo, atate atenge mkazi wina. Tsiku limene anasonkhana kuti agamule, apongozi awowo, munthu wosakonda kuyankhula, anangonena kuti mtengwa uyu ndi mwana wawo, wofuna kumuchotsa ayambe wachotsa iwo. Nkhani inathera pomwepo. Patapita nthawi ndinabadwa ine.

Zimenezi ndinali ndisanazimvepo. Ndinachita manyazi, komanso ndinawakonda ambuya amene nkhope yawo sindiikumbuka n'komwe.

Ine ndi mwana wanga tinawadzutsa n'kuwakhazikanso pa mpando. Anapuma kaye mpaka mpweya unabwerera, akupukuta dothi m'maondo. Kenako anamugwira mtsikanayo padzanja.

"Ine sin'nakuuze. Wamva?"

"Namva, ambuya."

"Uyende, ukawafune abale ako. Ukawapeza, ukawauze kuti dzina lija ananisungitsa, sin'naligwetse pansi."