Mano Awiri a Woimba Lipenga

Dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso basi. Mumsewu monse ankawadziwa kuti a Masaya, chifukwa akamawomba lipenga masaya ankafufuma ngati abisamo mazira awiri, maso ali psuu. Mkati mwa sabata ankadula makiyi m'kakhumbi kamalata pakona ya msewu, makiyi ali lendelende pamisomali, fumbi la mkuwa lili thoo m'zikhadabo. Koma mukawafunsa ntchito yawo, za makiyi sankazitchula n'komwe. Iwo anali woimba lipenga loyamba m'bandi ya mumzinda, ija yotsogolera maukwati ndi maliro, ndipo mpando wakutsogolo kumanzere anaukhalira zaka makumi atatu ndi zinayi.

Tsono lipenga, kwa inu osalidziwa, si nkhani ya mapapo okha ayi. Lili ndi kachitsulo kapamlomo, konga kakapu kokhala ndi kapaipi, kamene munthu amakanikiza pamilomo, ndipo kuseri kwa milomoyo kumafunika mano akutsogolo olimba oti katsamire. Popanda manowo mpweya umangothawira m'mbali, fuu, ngati tayala lobooka. Vuto linali lakuti a Masaya anali ndi bwenzi lakale kuposa lipengalo, ndilo fodya. Ndudu ina ikamazima, ina inali itayaka kale. Nkhama zinayamba kutuluka magazi, kenako mano awiri apamwamba anayamba gwedegwede, mpaka anakawazula onse tsiku limodzi. Anayesa mano ochita kuvala aja. Koma pa ukwati wina, atangochotsa lipenga kuti akoke mpweya, manowo anatsetsereka n'kukagwera pa nsapato ya woimba ng'oma. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Masaya anaseka nawo, koma atafika kunyumba sanayankhule ndi munthu masiku awiri.

Mwana wawo wachisamba, mayi wa ana atatu tsopano, nkhaniyi inamudya mumtima. Anayendayenda mpaka anapeza dokotala wodziwa kubzala mano. Adokotalawo anali mayi wamfupi, wosachedwa ndi nthabwala. Anawaonetsa timisomali tiwiri tachitsulo, n'kulongosola kuti timeneti amatipotera m'fupa la nsagwada, ndiye fupalo limamera n'kutigwira, ndipo pakatha miyezi inayi amamangapo mano olimba ngati obadwa nawo. Atatero anayang'ana zala za a Masaya, zachikasu ngati zopaka utoto.

"Bambo, zala zanuzo zandiuza kale. Fodya ndi fupa lomwe likuchira sizimvana. Mukapitiriza kusuta, timisomaliti tikhoza kukana, ndipo fupa lanu lapamwambali lachepa kale. Mwayi wachiwiri sindikukulonjezani."

A Masaya analumbira pamaso pa mwana wawo kuti fodya ndi iwo zathera pomwepo. Ndipo sankanama, ndi chimene chimapweteka. Anasiyadi milungu iwiri asanapite kokabzala, timisomali tinalowa bwinobwino, adokotala n'kusoka nkhama, n'kuwaletsa kukhudza lipenga kufikira tsiku lomanga mano. Mkulu wa bandi, mdala wamagalasi amene anayambira naye limodzi, anatenga chipewa cha a Masaya n'kuchiika pa mpando uja. Anauza gulu lonse kuti pamenepa sipakhala munthu mpaka mwiniwake atabwera. Mayi wina, mphunzitsi, woimba lipenga lachiwiri, ndiye ankagwirizira nyimbo zawo ali pampando wake womwe.

Koma inu, chibaba musachione chonchi. Pakamwa pamene panazolowera zinthu ziwiri, lipenga ndi ndudu, panatsala popanda ngakhale chimodzi. A Masaya anayamwa maswiti mpaka lilime kuchita zilonda. Anayamba kudula makiyi osatsegula, kukalipira makasitomala, kukalipira ngakhale mphaka wa eni ake wongodutsa. Tsiku lachisanu ndi chinayi chibzalireni, atakhala m'kakhumbi muja dzuwa lili pamutu, nzeru inawabwerera, nzeru yoipa yonga imene imabwerera anthu aluso la m'manja. Chilonda chili kutsogolo, pamwamba. Nanga utsi utapanda kuchikhudza, chingadziwe bwanji kuti munthu wasuta?

Anatenga kachitsulo kapamlomo kakale, kamene kanali kataperepeseka, n'kukatembenuza. Ndudu anailowetsa kukakapu, n'kutseka m'mbali ndi kachidutswa ka labala kamene anadula bwinobwino ndi lumo. Kapaipi kaja anakalowetsa pakona ya mlomo mpaka kumano akumbuyo, kuti utsi uzingolunjika kukhosi. Anakoka kamodzi, maso n'kutseka, misozi n'kulengeza. Mumtima anadzitama kuti adokotala aja anaphunzira zambiri, koma zamapaipi sanafikeko.

Akazi awo anawapezerera patatha sabata, atabwera kudzawasiyira chakudya chamasana. Anaima pakhomo pa kakhumbiko, kontena ili m'manja, n'kufunsa kuti chimenecho ndiye chiyaninso. A Masaya, m'malo mochita manyazi, anayamba kulongosola ngati injiniya, kuloza apa, kuloza apo, utsi umalowera uku, chilonda chili uko, sizikumana n'komwe.

"Mwana uja ndikamuuze ine, kapena mukamuuza nokha?" anafunsa mayiwo.

A Masaya anachonderera. Anati ndi ziwiri zokha patsiku, anati munthu sangafe ndi chibaba chifukwa cha misomali, anati akamuuza mwanayo angomudwalitsa mutu pachabe. Mayiwo anali atatopa ndi ukali wa masiku aja, ndipo kunena zoona mtendere unali utabwerera m'nyumba. Anangopukusa mutu, n'kusiya kontena, n'kumapita. Ziwiri zija zinasanduka zisanu, zisanu n'kusanduka paketi, zonse kudzera m'kapaipi.

Mwezi wachitatu nkhama zinatupa. Kenako kunabwera kafungo, ndi kukoma kwa mafinya akamameza malovu. A Masaya anachukucha madzi amchere, tsiku lokaonana ndi adokotala n'kulilumpha dala, ati kwachuluka ntchito. Koma lilime silinama. Likakhudza pamalopo, kanthu kankasuntha pansi pa nkhama, pang'ono pokha. Mantha anawagwira, ndipo mantha akawagwira ankadziwa mankhwala amodzi okha, omwe aja a m'thumba la malaya.

Mwana wawo ndi amene anawakokera kuchipatala, ataona tsaya latupa. Adokotala anajambula fupa, n'kuyang'anitsitsa chithunzicho. Kamsomali koyamba sikanafune n'komwe kukapotokola. Anangokagwira ndi kopanira, n'kutuluka kokha, ngwee m'kambale kachitsulo. Kachiwiri kanatsatira. Apo a Masaya, thonje lili m'kamwa, anapisa m'thumba n'kutulutsa kachitsulo kawo kaja, kakuda bii ndi phula la fodya, kuti aonetse kuti iwo anasamala, utsi sunakhudzepo ngakhale tsiku limodzi. Adokotala anakatembenuza m'manja, ndipo sanaseke.

"Bambo, nkhani si utsi kukhudza chilonda kokha. Poizoni wa fodya amalowa m'magazi, n'kufinya timitsempha timene timadyetsa fupa. Fupa lanjala silingagwire chitsulo. Ngakhale mukanasutira kukhutu, akanafikabe."

Anawauzanso kuti matenda adya fupa limene linatsala lija. Mwina, atasiya fodya chaka chathunthu, akhoza kuyesa kuwonjezerapo fupa lina, koma zoti lingadzapirire kukanikiza kwa lipenga, pa msinkhu wawowu, iwo sakanawanamiza. A Masaya anamva mawu oti chaka aja n'kungogwetsa nkhope. Munthu amadzidziwa yekha. Milungu itatu inawakanika, ndiye chaka?

Panja, mwana wawo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anayang'ana amayi ake, amene ankadikira pabenchi, n'kuona pankhope pawo kuti ankadziwa kuyambira kale. Mayiwo anayang'ana pansi. Mwanayo anangoti, "Tiyeni, ababa, ndikakusiyeni."

Loweruka masana anapita ku chipinda chophunzirira bandi, chija cha kuseri kwa nyumba yosungira katundu, chonunkha polishi ndi thukuta. Chipewa chinali chikadali pa mpando, fumbi litachita mzere m'mphepete mwake. Anachinyamula okha, pamaso pa onse, n'kukodola mphunzitsi uja kuti asunthire kutsogolo. Mayiyo anakana kawiri, kachitatu n'kusuntha, maso ali pansi. Mkulu wa bandi anawatsatira mpaka pakhomo, n'kunena motsitsa mawu kuti mbale zachitsulo zowombanitsa za m'bandimo zilibe mwini, ndipo sizifuna mano. Ankanena mwa ubwino, mdalayo. A Masaya anati akaganiza, ndipo onse awiri anadziwa kuti sadzabweranso.

Lamlungu anthu atachoka kutchalitchi, a Masaya anakhala pakhonde, n'kutulutsa lipenga m'bokosi lake. Analipukuta monga ankachitira zaka zonsezi, kudontheza mafuta m'mabatani atatu aja, kuwadina mpaka afewe. Kenako analikweza pamlomo, masaya n'kufufuma ngati kale. Chimene chinatuluka ndi mpweya basi, fuu, ndi timalovu. Anayesanso, mlomo n'kupindikira m'gweru muja, ululu n'kukwera mpaka m'mphuno. Akazi awo, amene ankayanika zovala pachingwe, anaima malaya ali m'manja, osatembenuka.

Analibwezera m'bokosi, n'kutseka zotsekera zonse ziwiri. Dzanja linapita lokha m'thumba, n'kutulutsa paketi, machesi ndi kachitsulo kakuda kaja. Anayamba kulowetsa ndudu kukakapu monga mwa chizolowezi, kenako analeka, n'kukayang'ana. Panalibenso choti atchinjirize. Anakaika pansi pambali pa bokosi. Akazi awo anatembenuka, n'kuwayang'ana, kenako n'kubwerera ku zovala zawo.

Nduduyo anaiika kutsogolo kwenikweni, pagweru pamene panayenera kukhala mano awiri aja. Inakwanapo ndendende.