Mikukwe Imene Inapsa ku Chiparamba

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anachotsedwa ntchito ku fakitale ya thonje ku Chipata. Anafika ku Chiparamba m'mwezi wa Meyi, bulangete ndi nsapato zili m'thumba la feteleza. Mudziwo unali wa kwawo kwa amayi, bambo anali mkamwini chabe. Pamene ankabwera ndi sopo ndi shuga, atsibweni anga a Yohane ankawatcha "alamu athu". Atabwera chimanjamanja anasanduka "auje a ku tauni".

Inali nyengo yokolola. M'mawa kunkazizira mpaka milomo kung'aluka, ndipo amayi ankabwera kokumba mtedza zala zili mbuu. Bambo anapatsidwa ntchito yoluka nkhokwe yatsopano. Anayesetsa, koma manja awo anali atazolowera makina. Nkhokweyo inapendekeka ngati munthu wochokera ku mowa, moti azimayi odutsa popita kumjigo ankailonjera. Masana bambo ankathawira kumunda, kukhala pansi pa msuku n'kumapichira fodya m'kapepala.

Chimanga chathu chinali chitaimikidwa m'mikukwe ndi mapesi ake, kudikira kuti nkhokwe ithe. Ine ndinali ndi zaka ngati khumi. Tsiku lina ndinapeza una wa mbewa pafupi ndi mkukwe waukulu. Mwezi wonse tinkadyera mfutso, ndipo kukumba ndinaona ngati kuchedwa. Ndinathamangira kunyumba, n'kuba machesi m'jekete la bambo kuti ndizifukize ndi udzu.

Kamphepo kanangobwera kamodzi. Moto unalumphira pa mapesi. Mpaka lero ndimamva kuthetheka kwake, ndi fungo lija lokoma la chimanga chowotcha, chakudya cha chaka chonse. Ndinataya machesiwo n'kuthawira kudambo.

Nditabwerako ndinapeza mudzi wonse uli kumunda, mikukwe iwiri yokha itatsala. Atsibweni anali atatola kabokosi ka machesi kaja.

"Alamu, machesi awa ndi a yani?"

"Ndi anga," anatero bambo.

"Ntchito yakukanikani, nkhokwe yakukanikani, ndiye mwati mutiphikire chimanga chonse tsiku limodzi? Tidye lero tithane nazo?"

Bambo anandiyang'ana. Tsitsi langa lakutsogolo linali litawauka, nsidze zitapita. Anavula chipewa chawo n'kundiveka mpaka m'maso.

"Vala iwe, kukuzizira." Kenaka anatembenukira kwa atsibweni. "Ndinasinza ndudu ili m'manja."

Ndinali pomwepo, pakamwa ndili napo. Sindinanene kanthu.

Patangopita sabata, akuluakulu a banja la amayi anagwirizana kuti mkamwini asamuke. Amayi analira, koma sanawatsatire. Munda ndi ana zinali za pamudzi. Bambo anapita ku komboni ya Nabvutika ku Chipata, kumakasenza matumba pamsika. Ndinawaonanso kawiri kokha, ndipo kawiri konseko anangondifunsa ngati ndikudya bwino. Uthenga wa imfa yawo unatipeza maliro ataikidwa kale.

Masiku ano zinthu zinasintha. Akamwini akumanga nyumba za malata m'midzi ya akazi awo, ndipo palibe amawathamangitsa chisawawa. Chimanga anthu amatonola msanga n'kuthira mankhwala m'matumba. Ine ndakalamba, ntchito yanga ya ulonda inatha chaka chatha, ndipo ndimaswera pakhonde la mwana wanga wamkazi kusenda mtedza kuti ndioneke ngati ndili ndi chochita. Tsopano ndikudziwa mmene tsiku limatalikira kwa mwamuna wopanda kopita m'mawa.

Kulemba ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, ku sukulu ya akuluakulu ya kutchalitchi. Kwa ansembe ndinaulula, iwo n'kundiuza kuti ndakhululukidwa. Koma ansembe si amene anathamangitsidwa pamudzi. Amayi anamwalira akukhulupirirabe kuti amuna awo ndiwo anawadyetsa gaga chaka chimenecho. Atsibweni nawonso anapita. Onse oyenera kuuzidwa ali kumanda, ndipo manda a bambo sindidziwa n'komwe pamene ali.