Palibe amene akugona kumbuyo

Mapepala onse a galimoto ya amuna anga ndimasunga ine. Ali m'fayilo yabuluu, kuyambira risiti ya tsiku limene tinaigula ku West Bromwich kuno ku Mangalande mpaka ya matayala. Ndiye ndikamanena kuti mapepalawo sanandithandize kalikonse, ndikunena zimene ndikuzidziwa. Laisensi inali bwino, inshuwalansi inali bwino. Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, boma linangowafunsa papepala ngati akuonabe bwino, iwo n'kudziyankhira okha kuti eya. Munthu amene amafunafuna magalasi ali pamphuno pake pomwe.

Maso anga ankaona zina. Pa raundabauti ankaima pamene palibe galimoto, n'kulowa pamene ikubwera. Galasi la kumanzere linathyokera pa geti yathu yomwe, geti imene sinasunthepo chilowereni ife m'nyumbayi. Iwo anati aneba ndiwo anaimika bini molakwika.

Ndinauza ana. Wamkulu, amene ndi namwino pa chipatala cha ku Walsgrave, anandiyankha m'Chingerezi kuti tisawalande ufulu bambo ake. Ufulu wogunda geti? Wamng'ono anati tidzakambirane pa Khirisimasi. Abusa anati tiipempherere nkhaniyo. Aliyense ankadikira kuti ayambe ndi wina, poti munthu wamkulu sauzidwa kuti wakalamba. Ine kuyendetsa sindinaphunzire. Amuna anga anandiuza okha kalekale kuti palibe chifukwa, iwo alipo.

Ndinayesabe. "Abambo, bwanji tizikwera thiramu, kasitima ka m'tauni kaja?"

"Mayi, ine ndinayamba kuyendetsa inu musanadziwe kuwoloka msewu."

Panali chinthu chimodzi chimene ankanyadira nacho. Lamlungu lililonse popita kutchalitchi ku Birmingham tinkatenga atsikana awiri a mumpingo mwathu, wina wa ku Dedza, wina wa ku Zambia, obwera kumene kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ankakhala atachezera pantchito usiku wonse, ndipo galimoto ikangonyamuka ankagona, mitu itatsamirana.

"Dalaivala wabwino umamudziwira pamenepo," ankatero amuna anga. "Anthu amagona."

Lamlungu lina kumbuyo kunali zii, koma sindinamve mkonono wa wa ku Dedza uja. Ndinacheuka. Onse awiri anali maso, wina atagwira lamba ndi manja awiri, wina milomo ikugwedera ngati akupemphera. Maso ali psuu ndi tulo, koma palibe wophethira.

Titafika ndinakokera pambali wa ku Zambia. "Mwanawe, bwanji simukugonanso m'galimoto?"

"Timangocheza, amami."

"Mumacheza mutatseka pakamwa?"

Anayang'ana pansi. "Adadi amatithandiza kwambiri. Ife sitinganene."

Ndinakwiya mapemphero onse, ulaliki sindinaumve. Anthu amene sabata yonse amakhala ndi okalamba, amaona dzanja likayamba kuchedwa, anali okonzeka kufa mwaulemu pampando wa kumbuyo kusiyana n'kuti mkulu wa mpingo achite manyazi.

Pobwerera, titaima pa maloboti, ndinati, "Abambo, tayang'anani pagalasi. Wagona ndani?"

Anayang'ana. Atsikana aja anatseka maso msangamsanga, koma anali atachedwa. Amuna anga anayang'anabe pagalasipo mpaka wa galimoto ya kumbuyo analiza hutala. Tinatsitsa atsikanawo, n'kupita kunyumba.

Sindinganene kuti anavomera, chifukwa mawu amenewo sanatuluke pakamwa pawo mpaka lero. Lamlungu lotsatira anaimirira pa nthawi ya zolengeza n'kuuza mpingo wonse kuti aganiza zopereka mpata kwa ena kuti nawonso atumikire. Makiyi a galimoto anapatsa mayi wina wa kwaya amene timakhala naye msewu umodzi. Anthu anaomba m'manja, abusa anawayamikira kudzichepetsa. Amene anaimba foni kukawalembetsa mayiwo pa inshuwalansi ndine, pepala lake lili m'fayilo, koma za ine palibe anatchula.

Tsopano amuna anga amakhala kutsogolo, pampando umene unali wanga, n'kumalangiza njira yonse: "Buleki, mayi. Giya imeneyo yakula. Apa ine ndikadadutsa kale." Ine ndimapanikizika kumbuyo pakati pa atsikana awiri aja, mutu wina paphewa ili, wina paphewa ilo, duku langa litapendekeka. Ngakhale chikwama sindingathe kutsegula mpaka titafika.