Mbuzi Yathu pa Khadi la Pasaka

Ndimapanga makhadi a mafuno abwino: pamwamba chithunzi, pansi kandakatulo ka mizere itatu kotchedwa haiku.

Tsiku lina kwathu ku Kanduku ndinaona mbuzi yathu italowa m'munda wa mtedza wa a Zuze, oyandikana nafe. Dzuwa linali kupendeka, ubweya wake ukunyezimira. M'malo moipirikitsa, ine ndinatulutsa foni. Ndinagwada, ndinadzuka, ndinazungulira uku ndi uku kufuna pojambulira pabwino, mbuzi ikungomweta mtedza wa eni ake. Kenako ndinalemba:

Dzuwa lalowa
mbuzi ikudya phee
dziko lapuma

Khadilo linayenda malonda pa Boma, mpaka mwana wa a Zuze anawagulira limodzi pa Pasaka. A Zuze anabwera nalo kwathu.

"Munda uwu ndi wanga," anatero. "Nanga iwe mwanawe, unali pati?"

"Ndinali kutali zedi, bambo. Foniyi imakoka zakutali."

Anangoika chala pakona ya chithunzicho, pomwe mthunzi wanga unagona pamizere ya mtedza, foni ili m'manja.

Mpaka lero ndikamapita kumsika ndimadzera njira yakuseri, ngakhale ndi yaitali.